Kodi ola loyatsira giza ndi nkhani ya chikumbumtima?

Cha m'ma 6 koloko madzulo, m'nyumba zambiri za m'tauni mumachitika zinthu zofanana ngati anthu anachita kupangana. Bambo afika kuchokera kuntchito ndipo akufuna madzi otentha osamba. Mayi atereka madzi a nsima pa kuka, ndiwo zili pambali, ketulo nayo ikuwira. Mwana wakumbukira kuti yunifolomu ya mawa sinasitidwe, walumikiza ayironi. Wailesi yakanema ikulankhula yokha pabalaza, mababu ayaka m'zipinda zonse, ngakhale m'mene mulibe munthu. Mosakhalitsa, mdima bii. Kudandaula kumamveka mpanda ndi mpanda, ndipo dzina lodzudzulidwa limakhala limodzi.

Munthu akafunsidwa kuti bwanji zovalazo zisamasitidwe masana, kapena giza isamayatsidwe nthawi ina, yankho silichedwa: "Mayunitsi ndinagula ndi ndalama zanga, ndiwagwiritsa ntchito nthawi imene ndafuna." Mawuwa si amwano. Amene wakhetsa thukuta, wagula mayunitsi pafoni, walowetsa yekha manambala 20 aja m'mita, ali ndi chifukwa chomveka choonera magetsiwo ngati ake. Chofunika kuchisinkhasinkha n'chakuti kodi kulipira kumamaliza nkhani yonse, kapena pali kena kamene kamatsala m'manja mwa chikumbumtima ngakhale risiti ili m'thumba.

Magetsi sali ngati chimanga. Thumba la chimanga likagulidwa limakhala m'nyumba. Mwini wake alidye lero kapena mwezi wa mawa, mnansi sizimukhudza. Mayunitsi owala pamita si magetsi osungidwa m'nyumbamo, ndi chilolezo chabe chotungira. Magetsi enieniwo amapangidwa pa mphindi yomweyo imene akugwiritsidwa ntchito. Munthu akadina swichi ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Zolozolo, makina ku Nkula kapena ku Tedzani amayenera kusenza katundu wowonjezerayo nthawi yomweyo. Zofuna za anthu onse zikaposa zimene makina angathe, oyendetsa magetsi amakakamizika kudula madera ena, apo ayi dziko lonse lingazime pakamodzi.

Zimafanana ndi pakiyosiki ya madzi. Amene walipira ali ndi ufulu wotunga. Koma mpopi ndi umodzi, ndipo m'mamawa, ana akukonzekera kusukulu, mzere umakhala wautali. Munthu wobwera pa ola limenelo ndi zigubu zisanu za madzi ochapira mabulangete sanabe ndipo sanaphwanye lamulo, koma amayi onse pamzerepo amadziwa kuti sanachite bwino, popeza mabulangete akanatha kudikira masana. Pakiyosiki wodikirayo amaoneka, ali ndi mwana kumbuyo, ndipo manyazi okha amamuwongola munthu. Pa waya wa magetsi mzere ulipo, kungoti suoneka.

Magetsi ambiri a m'dziko muno amachokera pa mtsinje umodzi. Nkula, imene inayamba kupukusa magetsi mu 1966, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa Shire, ndipo madzi ake amatuluka m'nyanja ya Malawi n'kudutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Nyanja ikatsika, monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017, makina amasowa madzi. Mvula ikanyanya, vuto limabwereranso kwina: mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka, ndipo panapita chaka choposa chimodzi asanabwerere. Ambiri akukumbukira m'mene mbaula inasandukira kuka ya tsiku ndi tsiku nthawi imeneyo.

M'zaka zaposachedwapa dzuwa lalowa nawo m'goli. Ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene unayamba mu 2021, ndipo ku Golomoti, m'boma la Dedza, kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osungirako mphamvu pang'ono. Dzuwa silifuna ndalama zakunja ndipo silitulutsa utsi, koma lili ndi khalidwe lake: limaweruka pa ola lomwe anthu akuweruka. Nthawi imene mapoto onse ali pamoto, minda ya sola ija imakhala itagona. Mabatire ndi ochepa poyerekeza ndi njala ya madzulo, ndipo madamu a pa Shire ndi aang'ono, sasunga madzi ochuluka. N'chifukwa chake ntchito ya Mpatamanga ikukonzedwa kuti izidzasunga madzi n'kuwamasula nthawi imene magetsi akufunika kwambiri, koma imeneyo ndi ya zaka zikubwerazi. Pakadali pano mpata wa madzulo umatsekedwa m'njira ziwiri: kuliza majenereta a dizilo kapena kudula madera. Dizilo ameneyo amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo zimene zikusowa pogula mankhwala ndi feteleza. Choncho yuniti ya 12 koloko masana ndi yuniti ya 7 koloko usiku zimaoneka zofanana pamita, koma ina yachokera ku dzuwa, ina mwina yachokera mu thanki ya dizilo kapena yalandidwa ku dera lina limene lasiyidwa mumdima.

Pa nkhani ya ndalama pafunika chilungamo, chifukwa ena pofuna kukopa anthu amalonjeza zimene kulibe. Ku Britain kuli mtengo wotchedwa Economy 7, umene unayamba m'zaka za m'ma 1970, woti maola 7 a usiku magetsi amatsika mtengo; amene ali ndi abale kumeneko anamvapo kuti ena amachapa zovala anthu atagona. Kuno mitengo yosintha malinga ndi ola ilipo kwa mafakitale ndi makampani aakulu. Mita ya m'nyumba imadya mofanana usana ndi usiku. Banja losita masana silipatsidwa ngakhale yuniti imodzi ya basela chifukwa cha ola lokhalo.

Ndalama zimapulumuka ndithu, koma zimadzera khomo lina. Banja likayamba kufunsa kuti chinthu ichi chiyake liti, limapezeka lafunsanso kuti chiyake nthawi yaitali bwanji. Giza ya mawati 3,000 imadya mayunitsi atatu pa ola limodzi ikamatenthetsa. Ikasiyidwa choyaka usana ndi usiku, madzi amatentha, amazirala, n'kutenthetsedwanso, popanda wosamba. Kuyatsa ola limodzi kapena awiri masana kumakwanira mabanja ambiri, makamaka thanki yake ikakhala yofunditsidwa bwino. Kusita zovala za sabata yonse pakamodzi kumadya pang'ono kusiyana ndi kutenthetsa ayironi m'mawa uliwonse chifukwa cha shati imodzi. Nyemba zoviikidwa usiku zimapsa msanga. Babu lakale la mawati 100 limadya zochuluka kuposa kakhumi poyerekeza ndi la LED la mawati 9. Ndipo pali ketulo ija yodzazidwa mpaka pakamwa chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi, imene nyumba iliyonse ikuidziwa. Izi zimaoneka pamita mwezi usanathe.

Koma kusuntha ola pakokha sikulipira kanthu, ndipo funso lenileni lagona pamenepa. Kodi munthu ali ndi udindo wochita chinthu chimene sichimupindulira, chimene palibe akumuona akuchichita, ndipo chipatso chake sadzachiloza ndi chala?

Wotsutsa woyamba amati: nyumba imodzi n'chiyani pa dziko lonse? Masamu amamuyankha mbali ina. Giza imodzi ikamayaka imakoka mphamvu yofanana ndi mababu a LED oposa 300, kutanthauza kuwala kwa nyumba zoposa 80 za mababu anayianayi. Magiza 1,000 ndi mamegawati atatu. Magiza 20,000 akayaka pamodzi amameza mphamvu yofanana ndi munda wonse wa sola wa ku Salima dzuwa lili paliwombo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mwambiwu umagwira mbali zonse ziwiri: pa kuwononga ndi pa kukonza.

Masamu okha sakwanira, chifukwa wotsutsayo akunena zoona pa chinthu chimodzi: iye akazimitsa giza yake usiku uno, palibe angatsimikize kuti dera lakutilakuti lapulumuka chifukwa cha iyeyo. Koma mawu omwewo ndi amene amanena wotaya zinyalala mu Mudi kapena mu Lingadzi, ndi amenenso amanena wokana kukavota. Aliyense payekha akunena zoona, koma onse akanena pamodzi, mtsinje umanunkha. Munthu wodzikhululukira motere akudalira mwakachetechete kuti anzake sachita ngati iye. Akufuna magetsi asazime, koma kudziletsa kumene kungathandize kuti asazime akukusiyira ena. Atafunsidwa ngati angakonde kuti nyumba zonse za mumzinda zitengere chitsanzo chake, angayankhe kuti ayi. Khalidwe limene mwini wake sangalilakalake mwa anzake n'lovuta kuliikira kumbuyo, ngakhale lamulo lisaliletse. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, anatchula kuzimitsa magetsi osafunika pakati pa tinthu tating'ono timene munthu sayenera kutinyoza, ndipo chifukwa chimodzi chimene anapereka n'chakuti tinthu totere timamuumba wotichitayo, ngakhale pamene zotsatira zake sizioneka.

Wotsutsa wachiwiri ndi wamphamvu kuposa woyamba, ndipo ayenera kumvedwa mofatsa. Iye amati nkhani ngati iyi imachotsa mlandu pa akuluakulu n'kuusenzetsa munthu wamba. Si mayi wosita yunifolomu amene anachedwetsa kumanga malo atsopano opangira magetsi. Si iye amene amayang'anira ndalama za mabungwe kapena kukonza mathiransifoma. Dziko limene anthu ake akuchuluka chaka ndi chaka likufunika magetsi ochuluka, ndipo kuuza anthu kuti azidya mosinthana sikulowa m'malo mwa kulima munda waukulu. Zonsezi n'zoona. ESCOM imene imagawa magetsi, EGENCO imene imawapanga chipatukireni mu 2017, MERA imene imavomereza mitengo, ndi boma limene lili pamwamba pa onsewa, ali ndi udindo umene banja lililonse lili ndi ufulu wowafunsa mosanyengerera. Mwinanso funso limodzi loyenera kuwafunsa n'lakuti bwanji mabanja asapatsidwe mtengo wotsikirako pa maola a dzuwa, kuti chabwino chikhalenso chopepuka.

Komabe kulakwa kwa wamkulu sikuchotsa mnansi pa waya. Madzulo amenewo dera likadulidwa, ovutika si amene amakhala m'maofesi aja. Ndi wometa amene makasitomala ake amabwera akaweruka, telala wothamangitsa diresi la ukwati, mayi amene mafiriziyesi ake akusungunuka, mwana wa Folomu 4 amene mayeso ayandikira, ndi wodwala shuga amene mankhwala ake ali mufiriji. Munthu angathe kudzudzula akuluakulu mwamphamvu, n'kukhalabe wosamala kuti yekha asawonjezere katundu pa anthu amenewa. Ziwirizi sizilimbana.

Wotsutsayu amathandizanso kuona kuti udindowu si wofanana kwa onse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi a pa waya. Pakati pa ochepawo, okhala ndi giza, kuka ya mbale zinayi, makina ochapira ndi pampu yokweza madzi m'thanki ndi ochepanso kwambiri. Banja la m'chipinda chimodzi, lokhala ndi mababu awiri ndi chaja ya foni, lilibe choti lisunthe, ndipo kulisenzetsa chikumbumtima cholemera pa nkhaniyi n'kulakwira osauka. Funsoli likulunjika kwa amene nyumba zawo zili ndi zida zolemera. Pa Misa ya Lamulungu mabanja onse awiriwa amakhala pa benchi imodzi, ndipo n'zotheka kuti madzi otentha a wina dzulo lake anali mbali ya chifukwa chimene mwana wa mnzake anawerengera pa kandulo.

Pali msampha umodzi umene ungasandutse cholinga chabwino kukhala choipa. Banja lina likamva kuti madzulo magetsi amachepa, limazimitsa kuka n'kukoleza mbaula, n'kudziona kuti lathandiza dziko. Koma thumba la makala lija linali mitengo ya ku Neno, ku Mwanza, ku Zomba kapena ku Dzalanyama. Mapiri akametedwa, mvula imakokolola dothi n'kulithira mu Shire, matope amadzaza madamu a Nkula ndi Kapichira, ndipo pamodzi ndi namasupuni ndi zinyalala zina amachepetsa magetsi omwe aja. Utsi wa mbaula nawo umalowa m'mapapo mwa wophika ndi mwa mwana amene wam'bereka. Kuphika chakudya cha madzulo pa magetsi si mlandu. Ana ayenera kudya pa nthawi yake, ndipo nsima sidikira. Zoyenera kusuntha ndi zimene zingathe kudikira popanda wovutika: giza, kusita, kuchapa pa makina, kupopa madzi, kuwiritsa nyemba kapena nyama yolimba imene ingangotenthetsedwa madzulo. Kusiyanitsa chimene chingadikire ndi chimene sichingadikire ndiyo ntchito yeniyeni ya nzeru pa nkhaniyi, ndipo banja lililonse liyenera kuichita lokha, popeza nyumba ya wodwala kapena ya khanda si yofanana ndi ya anyamata awiri a pakoleji.

Funso lina limabisala m'kati mwa nyumba momwemo: kodi wosuntha ntchitozo ndani? Bambo angamve nkhaniyi, n'kuikonda, n'kulamula pa tebulo kuti kuyambira lero zovala zizisitidwa masana kapena m'bandakucha. Iwo masana amakhala ku ofesi. Lamulolo limagwera mayi amene masana ali kumsika kapena ku bizinesi, kapena mtsikana wantchito amene tsopano azidzuka 4 koloko, kapena kusita pa ola limene ankapumirako. Chifundo chochitira dera losaoneka n'kupondereza munthu wooneka wa m'nyumba momwemo n'chokayikitsa. Ngati banja lasankha kusintha, mtengo wake ugawidwe. Mwana wa sekondale angathe kusita yunifolomu zake Loweruka. Swichi ya giza ilibe mwini wobadwa nayo. Ndipo ngati palibe amene amatsala pakhomo masana, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa giza pa nthawi yoikika kamapezeka m'masitolo a zamagetsi. Kuika kwake kumafuna wodziwa ntchito.

Palinso masiku amene magetsi amazima masana onse n'kubwera usiku. Pamenepo palibe angadzudzule banja losita 9 koloko usiku, poti munthu safunsidwa chimene sangathe. Koma kuzimazima kumabala khalidwe lina limene limatsala ngakhale magetsi atakhazikika: akangobwera, aliyense amayatsa zonse pakamodzi, poopa kuti achokanso. Mantha amenewa ndi omveka, koma amathandiza kubweretsa chomwe akuchiopacho, chifukwa thiransifoma ya m'dera ikalemedwa mwadzidzidzi imatha kupsa, ndipo ikapsa mdima wake sukhala wa maola. Nkhani ya mana m'buku la Eksodo imawadziwa bwino mantha otere: otola zopitirira tsiku anazipeza zitaola m'mawa mwake. Kudikira mphindi zingapo magetsi akabwera, n'kuyatsa zida chimodzichimodzi, kumatetezanso firiji ndi wailesi yakanema ya mwini nyumba.

Parishi nayo ili ndi mita, ndipo singafunse mabanja chimene yokha sichita. Pali pampu yodzazira thanki, magiza a kunyumba ya ansembe, mababu a muholo amene amatsala choyaka msonkhano utatha, ndi magetsi a panja amene nthawi zina amakumana ndi dzuwa la 8 koloko m'mawa. Mayunitsi amenewo amagulidwa ndi chopereka, ndipo m'choperekamo muli ndalama ya mayi wa mababu awiri uja. Komiti ya zachuma ingathe kuwerenga mita m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi n'kuona pamene mayunitsi akuthawira. Mphakati ungachite chimodzimodzi: mabanja a mumsewu umodzi nthawi zambiri amatunga pa thiransifoma imodzi, ndipo ndi okhawo amene angathe kukhala pansi n'kuuona mzere wosaoneka uja, popeza amadziwana kuti wometa ndi uti, wodwala ali nyumba iti, ndipo magiza ali nyumba zingati.

Maola amene dzuwa limagwira kwambiri ndi a pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Maola ovuta ndi a m'mawa anthu akukonzekera, ndi a madzulo kuyambira cha m'ma 5 koloko mpaka cha m'ma 9 koloko usiku. M'nyumba zambiri swichi ya giza ili pa bokosi la magetsi lija, pafupi ndi mita, ndipo kawirikawiri inalembedwa dzina ndi amene anaiika.